Tsiku lomwe kompyuta inaimba nyimbo yathu molondola, ife n'kuikana

Kwaya yathu ili ndi kope lakuda la chikuto cholimba lomwe aliyense amaopa kulibwereka. Muli nyimbo zolembedwa ndi manja a anthu anayi, ndipo awiri mwa iwo anatsikira kale kulichete. Zonse zili mu sol-fa, kalembedwe ka nyimbo ka zilembo zoimira do, re, mi, fa, so: d, r, m, f, s, timadontho tiwiritiwiri, timizere toimirira. Masamba akumapeto chiswe chinalawako. Tsamba lina linanyowa ndi mvula tili ku maliro ku Chiradzulu, inki ya mzere wa besi n'kusungunuka kukhala kamtambo kobiriwira. Kuyambira tsiku limenelo abambo a besi amaimba nyimboyo mwa pamtima, aliyense momwe akuikumbukira, ndipo sakumbukira mofanana.

Atandisankha kukhala wotsogolera, kopelo linabwera m'manja mwanga limodzi ndi kiyi wa kabati. Ndinali nditangogula laputopu yakaunjika ku Limbe, ya batire lotha mphamvu, ndipo ndinalonjeza pamaso pa komiti kuti pofika Isitala nyimbo zonse zikhala zili pa kompyuta. Isitala ija inadutsa, inanso inadutsa. Ndikadali pakati.

Mapulogalamu olembera nyimbo alipo angapo. Kwa zaka zambiri osindikiza mabuku a nyimbo ku Ulaya ndi ku America ankadalira awiri: Finale, yomwe inatuluka mu 1988, ndi Sibelius, yomwe anatulutsa mapasa a ku England, Ben ndi Jonathan Finn, mu 1993. Kampani ya Avid inagula Sibelius mu 2006, ndipo itatseka ofesi ya ku London mu 2012, gulu lomwe linkaipanga linalembedwa ntchito ndi Steinberg, n'kudzatulutsa Dorico mu 2016. Amenewa ukafuna okwanira bwino anali ogula, ndi ndalama zakunja. Thumba la kwaya yathu limadalira masonkho a pamwezi ndi kenakake komwe timapatsidwa pa maukwati. Sindikanayerekeza n'komwe kukaima pamaso pa msungichuma ndi nkhani ya madola, yunifolomu ya anyamata isanasokedwe. Ndiye ndinatenga MuseScore, yomwe anayambitsa Werner Schweer wa ku Germany mu 2002. Ndi yaulere, ndipo ukangoiika pa kompyuta siifunanso intaneti kuti ulembe. Ndinaitsitsa pakati pa usiku, nthawi yomwe bandulo imatsika mtengo.

Vuto loyamba silinali kompyuta. Linali mutu wanga. Ine ndinakula ndi sol-fa, ndipo kwa munthu wa sol-fa "do" ndi kumudzi kwa nyimbo. Ukayamba pamwamba, do ali pamwamba. Ukayamba pansi chifukwa ndi m'mawa anthu mawu sanatseguke, do watsika nanu limodzi, ndipo pa pepala palibe chosintha. Njira imeneyi anaifalitsa m'busa wa ku England, John Curwen, m'zaka za m'ma 1840, atatengera kwa mayi Sarah Glover wa ku Norwich yemwe ankaphunzitsa ana kuimba. Ubwino wake unali woti aliyense wodziwa zilembo amatha kuiwerenga, ndipo makina wamba osindikizira mabuku ankakwanitsa kuisindikiza. Kuno inafika ndi amishoni, kudzera m'sukulu ndi m'mabuku a nyimbo za m'tchalitchi, ndipo inamera mizu moti ambirife timaganiza kuti kuwerenga nyimbo ndi kumeneko basi.

Pulogalamu yolembera nyimbo siganiza choncho. Imaganiza ndi mizere isanu, yomwe chiyambi chake amachiloza kwa Guido wa ku Arezzo, mmonke wa ku Italy wa zaka pafupifupi chikwi zapitazo, ndiponso ndi zilembo A mpaka G zomwe sizisuntha. F ndi F, kaya kwacha kaya kwada. Choncho pamwamba pa tsamba la m'kope pakalembedwa kuti "Doh is F", ndimayenera kumasulira m'mutu: d ndi F, r ndi G, m ndi A, f ndi B wotsitsidwa, s ndi C. Masabata oyambirira ndinamata kapepala ka zimenezi pambali pa kiyibodi ya laputopu ndi selotepi. Nyimbo ikakhala ya mu G, kapepala kena.

Kalembedwe kake, ukakazolowera, n'kokoma m'manja. Umadina N kuti uyambe kulemba. Dzanja limodzi limasankha utali wa noti ndi manambala: 5 ndi kugunda kumodzi, 6 kuwiri, 7 kunayi, 4 theka, ndipo kadontho kamawonjezera theka la utali womwe wasankha. Dzanja lina limadina chilembo. 0 ndi mpumulo. Noti iliyonse ikamatera pa mzere imalira, moti khutu limakuuza msanga ngati chala chaphonya. Pali kakhalidwe kamodzi komwe kanandisokoneza tsiku lathunthu: pulogalamuyo imasankha noti yapafupi ndi yomwe wangolemba. Ukachoka pa d kulumphira pa s wam'mwamba, iyo imakupatsa s wam'munsi chifukwa ndiye ali pafupi, mpaka uikankhe ndi Ctrl ndi kamuvi kolozera m'mwamba. Ndinalemba nyimbo yonse ya Mgonero ndisanazindikire, ndipo poimvetsera sopulano ankangogwera m'dzenje paliponse pomwe amayenera kukwera.

Besi ndiye inandichititsa manyazi ndili ndekha. Mu sol-fa, tena ndi besi amalembedwa okitevu imodzi (mtunda wochoka pa do kufika pa do wotsatira) pamwamba pa pomwe amaimbira, kuti tizizindikiro tisachuluke pa pepala. Palibe amene anandiuzapo zimenezi, chifukwa pakamwa sizioneka: bambo akawerenga d amaimba d wa pakhosi pake. Ine ndinakopera momwe zinalili. Manoti a besi anakwera pamwamba pa mizere isanu ija, atapachikika pa timizere towonjezera, ena atasanduka ofiira. Nditadina batani lalitali la pa kiyibodi, lomwe limaimbitsa nyimbo, kuti ndimve, besi inalira ngati kamwana ka mbuzi kosiyidwa pa chingwe. Kufiirako n'chenjezo: pulogalamuyo imadziwa malire a liwu lililonse, ndipo noti ikapitirira pomwe woimba wamba angafike imasintha mtundu, ikapitiriranso pomwe ngakhale katswiri angafike imafiira. Chenjezo limeneli ndinadzalikonda pambuyo pake.

China chomwe munthu wa pensulo ayenera kuchivomereza n'choti bala, kachipinda kaja ka pakati pa mizere iwiri yoimirira, ili ngati ndowa yoyezera chimanga. Ikakhala ya kugunda kunayi, ndi kunayi basi. Ukalemba kutatu, yokha imadzazitsa ndi mpumulo. Ukatalikitsa noti imodzi, imadya yotsatira, osati kuikankhira kutsogolo. M'kope lathu muli mabala omwe malemu wina analemba kugunda kusanu, ena kutatu ndi theka, ndipo takhala tikuimba zaka zonsezi popanda wodandaula. Kompyuta inakana. Pa bala iliyonse yotero ndinayenera kusankha: kodi apa malemuwo analakwitsa, kapena ankalemba mpweya womwe kwaya imakoka pamenepo? Kawirikawiri unali mpweya.

Mawu a nyimbo amalowa ndi Ctrl ndi L. Umalemba silabo, n'kudina kamzere kodulira mawu, cholembera n'kulumphira pa noti yotsatira. Liwu likatha umadina batani lalitali. Silabo imodzi ikakokedwa pa manoti angapo umadina kamzere kam'munsi. Apa m'pomwe ndinayamba kuchiona Chichewa changa ndi diso lina. Ana a sukulu omwe anadzandithandiza ankadula "Mu-lun-gu" ndi "mun-thu", pomwe pakamwa pathu ndi "Mu-lu-ngu" ndi "mu-nthu". Nanga "mtima"? Polankhula ndi m-ti-ma, m woyambayo ali ndi nthawi yakeyake. M'nyimbo ina m'kopemo amapatsidwa noti yake, m'nyimbo ina amamezedwa kuti akwane mu chuni, vesi yoyamba "mti-ma", vesi yachitatu "m-ti-ma". Ndipo pali malo omwe mawu awiri timawaphatikiza pa noti imodzi, monga "kwa Atate" pomwe "kwa A" amatuluka kamodzi. Pamenepo umagwira Ctrl podina batani lalitali kuti cholembera chisalumphe.

Ndikulemba mavesi pansi pa manoti, mzere pansi pa mzere, ndinaona ndi maso chinthu chomwe khutu linazolowera kale. Chichewa chimatalikitsa silabo yachiwiri kuchokera kumapeto. Timati "chikoondi". "Mteendere" sititero ayi, timati "mtendeere". Koma machuni ambiri ochokera ku Ulaya amathera pa noti yaitali yolemera kumapeto kwenikweni, ndiye timapezeka tikukoka "-di" ndi "-re" kugunda kunayi, silabo yomwe polankhula timangoiponya. Onjezani kukwera ndi kutsika kwa mawu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika amasiyana ndi kamvekedwe kokha, ndipo chuni chikakwera pomwe liwu limatsika, khutu la Mchewa limamva kuti china chapindika ngakhale silinganene kuti n'chiyani. Nyimbo zakalezo sindinazisinthe, ndani ine. Koma ndikamapeka yanga masiku ano ndimayamba ndayankhula mzerewo mokweza kangapo, ndikuyenda m'chipinda, ndisanakhudze kiyibodi.

Tsopano nyimbo yomwe yandilembetsa zonsezi siili m'kope. Anabwera nayo mayi wina wachikulire wa Mvano yemwe amaimba nafe alito, kwawo ku Ntcheu. Iwo amayambitsa, ife timayankha. Ndi nyimbo yomwe timaimba ponyamula chopereka kupita nacho kutsogolo, ndipo ikafika pakati tchalitchi chonse chimakhala chaimirira, nthungululu zili m'mwamba. Chaka chatha mayiwo anadwala miyezi iwiri, ndipo miyezi iwiri yonseyo nyimboyo sinaimbidwe, chifukwa palibe analimba mtima kuiyambitsa. Atachira ndinawapempha kuti ndiwajambule pa foni.

"Mukufuna muiike m'makina anuwo, aphunzitsi?"

"Eya mayi, kuti isatayike."

"Itayika ipita kuti?" anatero akuseka, koma anavomera.

Ndinayamba ndi 4/4, chifukwa phazi langa limagunda kanayi. Nthawi yomweyo ndinaona kuti m'kugunda kulikonse muli tizigawo titatu, osati tiwiri. Ndiye paliponse Ctrl ndi 3, Ctrl ndi 3, kupanga timagulu ta manoti atatuatatu, tsamba lonse n'kudzaza tinambala 3 ndi timipanda, looneka ngati mpanda wa minga. Mnzanga wina woimba limba ku tchalitchi china ataliona anangopukusa mutu. "Achimwene, mukudzizunziranji? Imeneyi ndi 12/8." Ndinayambanso. Mu 12/8 bala ili ndi tizigawo khumi ndi tiwiri, ndipo kugunda kunayi kuja kumatenga titatutitatu popanda kanambala kalikonse. Tsamba linayera ngati lasesedwa.

Chomwe chinandidzutsa pa mpando chinali kuwomba m'manja. Ndinawonjezera mizere iwiri ya m'manja pansi pa besi, poti pulogalamuyo ili nako kulira kwa m'manja pakati pa zoimbira zake. Amayi amawomba kanayi pa bala. Achinyamata a kumbuyo amawomba kasanu ndi kamodzi m'nthawi yomweyo. Kwa zaka ndinkaganiza kuti achinyamatawo akuthamanga, ndipo ndinawakalipirapo. Nditalemba, ndinaona kuti khumi ndi ziwiri zimagawika bwinobwino pa zinayi ndiponso pa zisanu ndi chimodzi: amayi akutenga titatutitatu, achinyamata tiwiritiwiri, ndipo amakumana poyambira ndi pakati pa bala. Palibe amene ankathamanga. Kukoma kwa nyimboyo kunali pomwepo, pa kukokana kwa manja awiriwo. Usiku umenewo ndinaibwereza mizere iwiri yokhayo mwina kakhumi, mpaka akunyumba anafunsa ali kuchipinda ngati ndayamba kuweta achule.

Mayankho a kwaya sanavute. Sopulano ndi alito ndinawaika pa mizere imodzi, tena ndi besi pa ina, kuti pepala lichepe. Pamenepo uyenera kusamala ndi zomwe pulogalamuyo imatcha voice: sopulano ndi woyamba, timiyendo ta manoti tikuloza m'mwamba, alito ndi wachiwiri, timiyendo pansi. Ukaiwala kusintha, alito amafufuta sopulano noti ndi noti uku iwe ukuimba mluzu. Ndinachitapo kawiri. Ctrl ndi Z ndi mnzanga wapamtima. Tena ndi besi m'nyimboyi amayenda limodzi ngati ng'ombe za pa goli, motalikirana masitepe asanu, chinthu chomwe mabuku a hamone ya ku Ulaya amaletsa, moti pali timapulogalamu towonjezera tomwe ntchito yake n'kusaka malo oterowo. Mnzanga uja anati ndikonze. Ndinayesa bala imodzi, ndinamvetsera, ndinabweza. Yokonzedwayo inkamveka ngati nyimbo ya m'buku. Yathu ndi ya goli.

Mzere wa mayi aja ndiwo unandigonjetsa. Choyamba, samayamba pa kugunda koyamba. Amalowa bala isanayambe, ndipo zimenezo n'zotheka kulemba, umangofupikitsa bala yoyamba. Chachiwiri, ife timayankha iwo asanamalize, iwonso amalowanso ife tisanamalize, ndipo nazonso zimalembeka. Koma pa silabo yachitatu pali noti yomwe siili f, siilinso fe, yemwe ndi f wokwezedwa pang'ono. Ili pakati. Kiyibodi imagawa okitevu m'zigawo 12 zofanana, ndipo kuchokera pa batani lina kufika pa loyandikana nalo amawerengera masenti 100. Pulogalamuyo imalola kusuntha noti imodzi ndi masenti angapo, ndiye ndinakhala ndi mahedifoni, foni kudzanja ili, mbewa kudzanja ilo, kukweza pang'ono, kumvetsera, kutsitsa pang'ono. Nditakhutira, ndinatsegula zomwe ndinajambula Lamulungu lotsatira kuti nditsimikize. Noti ija kunalibe. Tsiku limenelo anatsetsereka kuchokera pa s kutsikira pa m osaima paliponse. Kujambula kwachitatu, pa ukwati, anayamba mochedwa dala, n'kuponya mawu onse mothamanga ngati akukalipa, tchalitchi n'kuphulika.

Nyimbo zitatu, mayi mmodzi. Pepala limafuna imodzi. Ndinasankha yoyamba, chifukwa ndi yomwe ndinali nditaivutikira kale.

Loweruka ndinanyamula laputopu ndi kasipika ka Bluetooth, ndinagawa mapepala, ndinadina batani. Ndinali ndi MuseScore 4, yomwe inatuluka mu Disembala 2022 ndi mamvekedwe abwino kuposa akale, ndipo kwaya yake ya "aaa" imamveka ngati anthu enieni ali m'tchalitchi chachikulu cha miyala. Inaimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Noti iliyonse inali pamalo pake. Manja onse awiri anakumana pomwe amayenera kukumana.

Anthu anakhala chete. Bambo wamkulu wa besi, yemwe amalankhula kamodzi pa mwezi, anakanda chibwano. "Aphunzitsi, imeneyo ndi m'bale wake wa nyimbo yathu. Akufanana mphuno. Koma si iyo."

Mayi aja anali atagwira pepala mozondotsa, poti sawerenga manoti a mtundu uliwonse. "Chinthu chanucho chilibe mapapo, bambo? Sichipuma? Chikuthamangira kuti?"

Tinaseka tonse, inenso ndinaseka, ngakhale m'mimba munali mutatentha. Ndinabwerera kunyumba n'kuyamba kuika mapapo: tizizindikiro topumira, fermata, kachizindikiro kotalikitsa noti, pa mapeto a mzere, kuchepetsa liwiro pang'ono polowa m'kolasi, glissando pomwe amatsetsereka. Zonsezi pulogalamuyo imazimvera poimba. Zinayandikira. Koma kupuma komwe walemba kumabwera pamalo pomwepo, utali womwewo, ulendo uliwonse, pomwe mayiwo amapuma akaona kuti wonyamula dengu la chimanga wafika pati.

Cholakwa chenicheni ndinachita pambuyo pake, ndipo chinali changa. Pulogalamuyo ili ndi mixer, pomwe ungatseke mawu ena n'kusiya amodzi, kenako n'kutulutsa MP3. Pa nyimbo za m'kope chimenechi chinasintha kwaya yathu. Ndimapanga mafayilo anayi, lililonse liwu lake lili pamwamba enawo akumveka chapansipansi, pa piyano osati pa "aaa" chifukwa piyano imaonetsa bwino poyambira noti, n'kuponya pa gulu la WhatsApp Lolemba. Pofika Lachitatu alito amabwera akudziwa kale mzere wawo, omwe kale tinkathera ola lathunthu tikuubwereza ena akuyasamula. Ndiye mosaganiza ndinachita chimodzimodzi ndi nyimbo ya mayi aja, mzere wotsogolera womwe.

Patatha masabata atatu, tikuyeserera, mayiwo anayambitsa mwa nthawi zonse, n'kutsetsereka pa silabo ija. Mtsikana wina wa sopulano, wa Fomu 3, wakhama kwambiri, yemwe anamvetsera fayilo ija mwina kuposa wina aliyense, anakweza dzanja.

"Pepani agogo, pamenepo mwaphonya. Pa pepala sipali choncho."

Sanalankhule mwamwano. Ankathandiza. Mayiwo anamuyang'ana, n'kuyang'ana ine, osanena kanthu, n'kukonza mpango wawo. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndi ine ndinatenga tsiku limodzi la nyimbo yawo, n'kulisindikiza, n'kuligawa kwa ana ngati lamulo.

Usiku umenewo ndinafufuta fayilo ija pa gulu, n'kutsegula nyimboyo. Mayankho a kwaya ndi manja ndinazisiya, chifukwa zimenezo sizisintha ndipo zimathandiza obwera kumene. Mzere wotsogolera ndinausiya pa vesi yoyamba yokha, manoti ake nditawachepetsa kukhala ang'onoang'ono, ndi mawu pamwamba: "Chitsanzo chabe. Umu ndi momwe anaimbira tsiku limodzi." Mavesi enawo ndinachotsa manoti onse, n'kusiya mawu okha pa mabala opanda kanthu. Masenti aja ndinawabweza pa ziro.

Panatsala bokosi la pamwamba kudzanja lamanja, pomwe pulogalamuyo imafuna dzina la wopeka. Nditawafunsa, mayiwo anati anaimva kwa amayi awo akupalira, ndipo mawu a Mulungu anaikamo ndi anzawo a Mvano kalekale, poyamba inkanena zina. Wopeka ndani pamenepo? Ndinalemba kuti "Monga anatiphunzitsira", kenako dzina lawo, kenako "Ntcheu".

Sindikufuna wina aganize kuti ndinaitaya kompyuta. Pa ntchito zina palibe pensulo ingaipose. Nyimbo ina ya Khirisimasi inkatifinya pakhosi chaka ndi chaka, sopulano akukuwa pa noti yam'mwamba. Pa pepala la manoti, kuitsitsa ndi dzanja ndi kukopera tsamba lonse mwatsopano. Pa pulogalamu ndi Tools, Transpose, kusankha kiyi, basi. Ndinaitsitsa kuchoka mu A kupita mu G, ndinayang'ana ngati besi yasintha mtundu pansi, sinasinthe, ndipo woimba kiyibodi analandira pepala lake loyera tsiku lomwelo. Ndipo tsamba lija la mvula ya ku Chiradzulu ndinalipulumutsa. Ndinalemba mizere itatu yomwe inkaoneka, ya sopulano, alito ndi tena, ndinaitana abambo atatu a besi mmodzimmodzi kuti aimbe zomwe akukumbuka, ndinalemba zonse zitatu, n'kuwaimbira pa sipika popanda kuwauza kuti uwu ndi wa yani. Onse atatu anasankha umodzi. Mwini wake sanauzindikire n'komwe.

Za sol-fa nazo ndinapeza pokhalira. Anthu anga ambiri mizere isanu amaiona ngati waya wa magetsi wokhala ndi mbalame. Pulogalamuyo imatha kulemba do, re, mi m'kati mwa mitu ya manoti, koma tizilembo take n'tating'ono, ndipo pepala likadutsa pa fotokope ya pa msika timasanduka timadontho. Ndiye ndimalemba sol-fa ngati mzere wina wa mawu, pamwamba pa manoti, ndi timadontho take ndi timizere monga za m'kope. Ndi ntchito yowirikiza, koma yabala chomwe sindinayembekeze: achinyamata angapo, poyang'ana d ali pamwamba pa noti sabata ndi sabata, ayamba kuwerenga mizereyo okha. Masanjidwe a tsamba nawo ndi nkhani ya ndalama. Nyimbo ikasefukira pa tsamba lachiwiri ndi mabala atatu okha, fotokope yawirikiza kwa anthu makumi atatu. Ndimachepetsa kukula kwa mizere pang'ono, kufinya m'mbali, kuika zizindikiro zobwereza m'malo molemba kolasi kawiri, mpaka ikwane. Ndinafinyapo kwambiri tsiku lina, bambo a besi aja n'kundibwezera pepala kuti magalasi awo si maikulosikopu.

Magetsi akathima laputopu yanga imakhala ndi moyo mphindi zochepa, choncho chala changa chimadina Ctrl ndi S chokha, ngati kuphethira. Koma chomwe chinandiganizitsa za kusunga chinachitika kutali. Mu Ogasiti 2024 kampani ya MakeMusic inalengeza kuti yasiya kupanga ndi kugulitsa Finale, patatha zaka 35, n'kulozera makasitomala ake ku Dorico. Anthu omwe anali ndi nyimbo za moyo wawo wonse m'mafayilo a Finale anayamba kuzisamutsa kudzera mu MusicXML, mtundu wa fayilo womwe anayambitsa Michael Good kuti mapulogalamu osiyanasiyana azitha kuwerengerana nyimbo. Manoti ndi mawu zimawoloka bwino, masanjidwe a tsamba nthawi zambiri umakakonzanso. Nditawerenga zimenezo ndinayang'ana kope lathu lakuda, lomwe lapirira chiswe ndi mvula ndipo likutsegukabe popanda kufunsa pasiwedi. Tsopano nyimbo iliyonse ndimaisunga patatu: fayilo ya MuseScore, ya MusicXML, ndi PDF. Ndimasindikizanso pepala limodzi n'kuliika m'kabati. Ndipo nyimbo ya ku Ntcheu ndinailembanso ndi bolopeni m'kope momwemo, mu sol-fa, dzanja lachisanu. Mayankho okha. Pa mzere wa wotsogolera ndinangolemba mawu.

Loweruka lapitali mayi aja anati chifuwa chawavuta, sayambitsa. Anakhala pa benchi yakutsogolo, ndodo ili pakati pa miyendo, n'kuloza ndi chibwano mtsikana uja wa Fomu 3. Mwanayo anayang'ana pepala, anapeza mabala opanda kanthu, anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kudenga. Anayamba monjenjemera, vesi yoyamba ndendende ngati fayilo ija. Kwaya inayankha, manja anayamba, anayi ndi asanu ndi limodzi. Pa vesi yachitatu anachedwa kulowa, kaya mwadala kaya mwamantha, ndipo pothamangira kuti atipeze anapinda noti ina, osati ija ya mayiwo, ina kutsogolo kwake, n'kuikoka mpaka alito anatembenuka.

Itatha anagwira pakamwa. "Aphunzitsi, ndalakwitsa?"

Ndisanayankhe, mayiwo anagogoda ndodo pansi kawiri.

"Yambanso, mwana wanga. Koma pa dengu paja udikire, anthu asanafike kutsogolo usamalize."